Mapazi a Asiyatu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinayamba sitandade wani. Bambo ankadula nzimbe ku Dwangwa. Ana a azungu ndi amwenye anali ndi sukulu yawo kuseri kwa mpanda, ife tinkangoona galimoto lawo likudutsa. Yathu inali ya aliyense, komabe ana a makalaliki ndi akapitawo ankaphunzira m'chipinda cha madesiki, ife a kukomboni pansi pa mtengo wa mango.

Poti ndinali wamkulu kuposa onse, ahedi anandipatsa ndodo kuti ndiziima pakhomo la chipindacho. Lamulo silinalembedwe paliponse. Ndinkangoyang'ana mapazi: wa nsapato alowe, wa mapazi odetsedwa ndi phulusa la nzimbe apite kumtengo. Ntchitoyo ndinkainyadira, chifukwa pakhomopo ndinkamva maphunziro onse.

Mlongo wanga wamng'ono, Asiyatu, anali wanzeru kundiposa, moti aphunzitsi a kumtengo anamuuza kuti azikaphunzira m'chipinda. M'mawa wake mayi anamukwecha mapazi ndi mwala, n'kuwadzola mafuta ophikira. Koma njira yathu inkadutsa m'munda umene anautentha dzulo lake, ndipo phulusa linamatirira pamafutawo.

Atafika pakhomo anati: "Achimwene, ndilowe. Aphunzitsi andiuza."

Ahedi anali chiimire pakhonde, akutiyang'ana. Kenako m'chipindamo mwana wa kapitawo wina ananong'ona mokweza: "Lero tiona ngati mlondayu ali ndi abale."

Ndinapingasa ndodo pakhomo.

"Taona mapazi akowo," ndinatero.

Anawaona. Kenako anayang'ana anga, amene anali akuda kuposa ake. Sanalire. Anatembenuka, nadutsa mtengo uja osaima, mpaka kunyumba. Kusukulu sanabwerenso, ndipo kwa mayi sananenepo chifukwa chake.

Ahedi sanayankhule kanthu tsiku limenelo. Mpaka lero sindikudziwa ngati akanamubweza.

Asiyatu tsopano ndi agogo, amagulitsa usipa ku Ngala. Akapatsidwa chikalata kuchipatala amabwera nacho kwa ine, n'kukhala pamphasa kudikira kuti ndimuwerengere. Za tsiku lija sitinakambiranepo.

Zaka zambiri ndinkati olakwa anali ahedi ndi eni mipanda, ndipo analakwadi. Koma amene anatigawawo sankaima pakhomo okha. Ankasankha mmodzi wa ife, wa mapazi akuda, n'kumupatsa ndodo. Ine ndinailandira ndi manja awiri.