Tsiku Limene Belu la Anganga Silinalire

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la mtovu wosungunuka ndi waya wopserera, losakanikirana ndi la matemba limene mphepo inkabwera nalo kuchokera ku Kachulu. Anali ndi kashedi kamalata kuseri kwa nyumba, momwe ankakonzeramo mawailesi, matochi ndi mafoni a asodzi, magalasi awo omangidwa ndi mpira atatsetsereka mpaka kunsonga kwa mphuno. Munthu ameneyo sankatha kuona chinthu chikugwira bwino ntchito n'kuchisiya. Ankayenera kuchitsegula basi. Amayi ankati tsiku lina adzakwera kumwamba kukamasula dzuwa kuti aone chimene chimaliyatsa.

Anganga, akazi awo, anadwala sitiroko ine ndili kupulaimale. Mbali yakumanzere inafa, ndipo mawu awo, amene kale ankamveka mpaka kudimba, anangotsala kanong'onong'o. Amalume anga a Lemosi atabwera kuchokera ku Joni anatiikira sola, mabatire ndi masoketi m'nyumba ndi m'shedi momwe. Anabweretsanso batani lachingwe lolumikiza pasoketi ya pafupi ndi bedi la anganga, ndi belu lolumikiza pasoketi ya m'shedi. Pakati pa ziwirizi panalibe waya wapadera. Anganga akadina, uthenga unkayenda m'mawaya omwewo a magetsi, belu n'kulira. Agogo ankaponya pansi chilichonse chimene agwira n'kunyamuka akupukuta manja kukabudula.

"Abwana aitana!" ankatero, kasitomala n'kutsala yekha pabenchi.

Panalinso kamita kosonyeza moto umene tikugwiritsa ntchito ndi umene watsala m'mabatire. Kameneka ndiko kanawasowetsa mtendere. Manambala ake anali ang'onoang'ono ngati nyerere, ndipo agogo ankaopa kuti moto udzatha iwo osadziwa. "Moto ukatha, mayi ako aitana ndi chiyani?" ankawafunsa amayi. Ndiye anakatsegula, nakalumikiza timababu tiwiri, kobiriwira ndi kofiira, toyendera chaja yakale ya foni, n'kukapachika m'shedi. Anakanyadira kwabasi. Msodzi aliyense wobwera ndi foni tsiku limenelo ankayamba waonetsedwa kamitako asananene vuto lake.

Mawa lake kunatentha koopsa. Amayi anali kumpunga ku Likangala. Ine nditaweruka kusukulu ndinalowa kuchipinda kukapereka moni, ndipo ndinawapeza anganga ali pansi, pakati pa bedi ndi chitseko, chitenje chitanyowa, milomo itauma. Anafuna kupita kuchimbudzi, anadina n'kudina, kenako anayesa kudzuka okha. Batani linali likadali m'manja mwawo. Kuseri kwa nyumba kunkamveka mluzu wa agogo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mtima uli m'malo.

Ndinakuwa. Agogo anabwera akuthamanga, tinawanyamula, tinawasintha zovala. Anganga sanalire. Anadikira mpaka atagona bwino pabedi, ndiye anawayang'ana amuna awo.

"Abambo a Lemosi, ngati mwatopa nane, nenani. Ndisamangodina ngati chitsiru."

"Silinalire, amake Lemosi. Mulungu akundiona, silinalire."

Anganga anatembenuzira nkhope kukhoma. Madzulo agogo atabwera ndi phala monga mwa masiku onse, anganga anatseka pakamwa. Anadya amayi atatenga supuni. Ndinali mwana, koma ndinawamvera chisoni onse awiri.

Kutacha agogo sanalandire ntchito ya munthu. Anandiuza kuti ndizidina batani iwo ali m'shedi. Ndinadina, zii. Anatsegula belu, linalibe vuto. Anatsegula batani, chimodzimodzi. Thukuta lili kamukamu, anafuna soketi yoti alumikizepo chowotcherera, ndiye anazula chaja ya timababu tija. Ine osadziwa kanthu ndinadinanso, belu n'kulira. Anaibwezera: zii. Anaizulanso: linalira. Chaja yakale ija inkachita phokoso m'mawaya, phokoso losamveka ndi makutu, ndipo uthenga wa batani unkasochera m'njira.

Anathothola kamita kaja pakhoma, mawaya ali lendelende, nakagwada nako pafupi ndi bedi.

"Wolakwa ndi uyu. Koma wamupanga ndine. Ndimafuna ndizidziwa kuti moto wa belu lanu ulipo."

Anganga anakayang'ana kwa nthawi, kenako anati, "Ine ndili pansi ndimakumvani mukuimba mluzu."

 Ndinaona mapewa a agogo akugwedezeka, ndipo ndinatuluka panja.

Tsiku lomwelo anakoka tebulo lawo logwirirapo ntchito kulichotsa m'shedi, nakaliika pansi pa windo la anganga, n'kukhoma masaka pamwamba kuti atchinge dzuwa. Fumbi linkalowa m'mawailesi, nkhuku zinkakwera patebulo, asodzi ankadandaula kuti palibe pokhala. Iwo osasuntha. Kamita kaja sanakakhudzenso, ndipo kwa munthu ngati iwo chimenecho chinali chilango chachikulu. Patapita masiku anganga anayambanso kulandira phala m'manja mwawo. Chodabwitsa n'chakuti batani sanalisiye. Ankadina, belu n'kulira m'shedi mopanda munthu, agogo n'kuyankhira pawindo pomwepo kuti, "Ndili pano, abwana." Nditawafunsa chifukwa chimene ankadinira munthu ali pamphuno pawo, anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Ndimafuna ndizimva akuyankha."

Onse awiri anatisiya. Lero ndimakhala m'tauni ku Zomba, ndipo amene akalamba kumudzi ndi amayi. Ndinawagulira foni. Ikangokhala chete tsiku lonse sindinena kuti ndiye kuti kuli bwino. Ndimaimba, ndipo ikakana kulowa ndimakwera minibasi. Kawirikawiri ndimakawapeza ali bwinobwino pakhonde, akupeta mpunga, foni itazima pansi pa pilo. Amuna anga amati ndimangodzivutitsa, ndipo mwina akunena zoona. Koma ine ndinaonapo munthu wokonda mkazi wake ndi mtima wonse akusangalala ndi ntchito ya manja ake, mkaziyo ali pansi kuseri kwa khoma, akumuitana.