Damu la a Kaitano

Amene akufuna kuseka a Kaitano a kwa Tengani ayambe wadzera kwa ine. Pamsika mwawapatsa dzina loti "a Dikirani Zikule", koma mukudziwapo chiyani inu?

Munthu ameneyu anakulira m'bwato. Mufunseni za chamoyo chilichonse, akuuzani makulidwe ake. Namasupuni, ukagona ukadzuka watseka doko. Mwana wa mbuzi, lero akuyamwa, mawa akukudyera mapira. Makakana, nsomba zathu za mu Shire, ukamazithirira madeya zimakwana chikhatho dzuwa la Okutobala lisanapse. Chimene chinawakanika ndi mdzukulu wawo Glory, mwana wa malemu mnyamata wawo. Anzake obadwa nawo ankathamanga, iye akadali kumbuyo kwa mayi ake, timiyendo ngati bango. Kusikelo anati wapinimbira, akufunika zankhuli.

Bwato linali litapita ndi madzi osefukira. Ndiye mkuluyo anakumba damu kuseri kwa nyumba, yekha, ndi khasu. Tiana ta nsomba anakatola m'zithaphwi zimene Shire anasiya pobwerera, kukokola ndi neti ya udzudzu, khuthu m'ndowa, khuthu m'damu. Sanasankhe. Maso okalamba, matope okhaokha, ndani akanaona kuti m'katimo mwalowa kamlamba kochepa ngati chala?

Mayi a Glory, a Jesinta, anagwada pambali pa damu tsiku lina.

"Baba, tivuuleko tochepa, ndimusinjire m'phala."

"Iyayi mayi, dikirani zikule. Tidye nthanga? Zikakwana chikhatho, mwanayu adya mpaka atope."

"Zikukula nzoona, baba. Koma mwanayu ayi."

A Kaitano sanakane chifukwa cha umbombo, ndimveni bwino! Madeya amene ankathira m'damumo ankachotsa pa mbale yawo. Madzi akagwedezeka ankamunyamula Glory, kumulozera. "Waona? Ndiwo zako izo, zikunenepa."

Chinkanenepa ndi mlamba. Mlamba sudikira madeya. Umameza anzake, ndipo umakula msanga kuposa chilichonse chimene a Kaitano anawerengapo.

Kutentha kutafika, Glory anayamba kutsegula m'mimba. Kathupi kopanda posungira mphamvu, sikanalimbe. Anamuika Lachisanu, kabokosi kake munthu mmodzi ananyamula pakhwapa.

Maliro atatha, mkuluyo anaphwetsa damu kuti anthu odzasesa pamaliropo adye. Tinalowa m'matope mpaka m'mawondo, kufufuza ndi manja. Makakana atatu okha, owonda. Kenako Hilario, mnansi wawo, anatulutsa chimlamba chimodzi, mutu ngati khasu. A Kaitano anachilandira, nachiyeza ndi mkono monga mwa chizolowezi chawo. Chinapitirira chigongono mpaka kufika paphewa.

"Chatalika kuposa mwana uja," anatero chapansipansi.

Palibe anachidya. A Jesinta anabwerera kwawo ku Mozambiki. Damu lija lamera udzu, ndipo a Kaitano amakhala pambali pake mmawa uliwonse. Mukamadutsa, perekani moni basi. Dzina lija musalitchule ine ndili pafupi.