Masitepe a Mayi Notburga

Cha m'ma eyiti m'mawa, Mayi Notburga anali chogwada, akupukuta masitepe a hotela ya m'mudzi mwathu. Masitepe amatabwawo anawakhoma malemu bambo awo, ndipo majombo a alendo odzachita masewera otsetsereka pa chipale chofewa ankawatha. Majombowo amayenera kuvulidwa m'chipinda chapansi choumitsira, koma amamva ndani?

Mlendo wina anatulukira akutsika, gu! gu! thabwa mpaka kubenthuka.

"Vulani zimenezo, bambo! Kwanu mumagona nazo?"

"Inu zikolopani basi," anatero mlendoyo.

Mayiwo anamutsomphola ndodo zake zotsetserekera n'kuzikhalira. Mlendoyo anatukwana, koma anatsika ndi masokosi.

Kenaka mayiwo anacheukira ine wotsuka mbale, khanda langa lili m'manja mwanga. "Iwe Vroni, ameneyo udzamuphunzitse kuvula nsapato asanaphunzire kutsetsereka."