Mlendo wa m'kompyuta ndi mlamu wa a hedi

Pasukulu pathu pano pa Chama tili ndi laputopu imodzi yomwe imayaka. Imodzi chabe. Zina zija zinabwera ndi riboni ndi kuwomba m'manja zili m'sitolo, mphemvu ndi zomwe zikuphunziramo.

Ine ndimaphunzitsa za kompyuta, ndiye mutu wowawa ndi wanga. Laputopu yomweyo ndi yomwe ana amaphunzirirapo, ndipo yomweyonso ndi momwe Madamu Nyirenda, oyang'anira mayeso, amasunga mafunso a moko, mayeso oyeserera a giredi 12. Nyama ndi galu m'chipinda chimodzi.

Choncho ndinaikamo pulogalamu yomwe imamanga kompyuta ina mkati mwa kompyuta. Akatswiri amaitcha yamkatiyo mlendo, yeniyeniyo amati mwininyumba. Mlendo ali ndi kachipinda kake. Akhoza kuswamo mbale, kulemba pakhoma, kuchita zonse zomwe afuna, koma kuchipinda kwa mwininyumba salowa. Ana amasewera mwa mlendo, mafunso a Madamu amagona mwa mwininyumba, ndipo ine ndinkayenda ngati munthu wanzeru.

Lolemba, m'gulu lathu la aphunzitsi a kompyuta la pafoni munalowa uthenga. Pulogalamu ija yapezeka ndi chibowo. Mlendo wodziwa pogogoda akhoza kuboola khoma, n'kudzikweza yekha udindo mpaka kukhala admini, bwana wa makina onse, wotsegula chilichonse. Eni pulogalamu atulutsa kale chigamba, akuti ikani msanga.

Anzanga m'gulumo anadabwa kwambiri. Ine ndinaseka mpaka kutsamwa tiyi.

Kodi anthu anapanga pulogalamuyi anakhulupiriradi kuti mlendo amakhala pomwe wamukhazika? Anakulira kuti? Alibe alamu?

Lekani ndikuuzeni za a Goma. A Goma ndi mlamu wa a hedi athu. Anachokera ku Chikwa chaka chatha kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo anati agona kwa a hedi mpaka mankhwala atha. Maso anachira kalekale, manje amaona bwino kuposa tonsefe. Poyamba ankakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa geti, akupatsa moni aliyense. Kenako dzuwa linawawotcha, tinawapatsa mpando pakhonde. Mvula itayamba, mpando uja unalowa wokha mu sitafu rumu. Tsiku lina mlonda anadwala, makiyi a sitolo anagwera m'thumba mwawo, sanatulukemonso. Lero ana amawatcha "Sa", ndipo madzulo amaphunzitsa tuishoni, maphunziro olipiritsa, kumsika. Palibe anawalemba ntchito, komanso palibe anawafunsa.

Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Awa ndi mame a mtundu wina, omwe amakhala mpaka kumera ndere.

Ndipo masana aliwonse a Goma amabwereka laputopu ija. "Ndingolowa mwa mlendo chabe, aphunzitsi, ndikonze manotsi a ana anga."

Ndiye Lachiwiri ndinapita kwa a hedi, Madamu Nyirenda ali pambuyo panga. Ndinafotokoza za chibowo, ndinapempha bandulo ya intaneti ya sukulu kuti ndikokere chigamba.

A hedi anavula magalasi. "Aphunzitsi, chaka chatha munati apudeti, chigamba ngati chomwechi, makina anauma sabata yonse. Manje mayeso ali pafupi mufuna kuyambanso? Yayi. Tidzaona mayeso akatha."

"Bwana," anatero Madamu Nyirenda, "mafunso akatuluka, dzina lomwe lidzamveke ku boma ndi langa. Ngati chigamba chavuta, laputopu izigona kwanga mpaka ana alembe."

Amene anayankha si a hedi. Anayankha ndi a Goma, atakhala pakona akusenda nthochi.

"Madamu, katundu wa sukulu sagona kunyumba kwa munthu. Ndiponso kuno ku Chama ndani angabe za mu kompyuta? Izo ndi za ku Lusaka."

A hedi anagwedeza mutu, nkhani inathera pompo. Ndipo ine, mwamuna wamkulu wa dipuloma yanga, ndinati "zikomo bwana" n'kutuluka. Ndinapsa mtima, koma ndinapsera panja.

Lachinayi mwana wina wa giredi 12 anafunsa Madamu funso la masamu kuti amuthandize. Madamu anakhala pansi. Linali funso lachitatu la pepala lawo, manambala ake osasintha ngakhale imodzi. Mwanayo anati anawapatsa ku tuishoni, onse a m'kalasimo ali nalo.

Manje tamverani, ine sindikunena kuti a Goma anadutsa pachibowo chija. Sindinawaone. Mwina pali wina anawasonyeza pogogoda, pakuti masiku ano zonse zili pafoni. Mwinanso sanavutike n'komwe, chifukwa munthu wodya mbale imodzi ndi a hedi sasowa pasiwedi. Chomwe ndikudziwa n'chakuti makomo onse awiri anali otsegula, ndipo onse awiri tinkawadziwa.

Akatswiri aja atapeza chibowo chawo anachita manyazi. Analengeza dziko lonse kuti talakwitsa, chigamba ndi ichi. Ife chathu timachiphikira tiyi.

Musaseke sukulu yathu, chifukwa kwanunso alipo. Kutchalitchi kwanu kuli bambo uja anangopemphedwa kugwira belu tsiku limodzi, lero ndiye amanena amene akwatitsidwe. Kukopaletivu ku Tembwe kuli mayi uja ankangoperekeza mwamuna wake kumisonkhano, lero feteleza satsika mu lole iye asanafike. Kuchipatala mudzapeza wina wovala jekete loyera akukuuzani mzere woimapo, mukafunsa anesi kuti awa ndani, anesi amangoyang'ana kudenga.

Amakwera bwanji? Sathyola loko. Amadutsa pa ulemu wathu. Ife kufunsa munthu wamkulu kuti "pepani, inu pano ndinu ndani?" timaona ngati kutukwana. Timati adzadziwa yekha. Timati ndi wachibale wa bwana, tisadzipalire makala. Ndiye lero tamupatsa mpando, mawa kiyi, ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye analola. Pofika poti tidzuke, munthu uja akutiuza ifeyo malamulo a pantchito pathu, nthochi ili m'manja.

Ndipo zikaphulika, safunsidwa iye. Angafunsidwe bwanji munthu woti dzina lake kulibe pena paliponse? Mlendo alibe udindo woti n'kumuchotsa. Amafunsidwa ndi uja anapatsidwa ntchitoyo poyera.

N'zomwe zachitika. Lachisanu a hedi anaitana msonkhano, nkhope ili gwa, n'kunena kuti sukulu yachititsidwa manyazi. Mayeso aimitsidwa. Madamu Nyirenda awachotsa pa zamayeso, nkhani yapita ku boma, sabata yamawa akayankhe. Mayi amene wasunga mafunso zaka zonsezi osatuluka ngakhale chilembo chimodzi. Mayi amene anapempha ndi pakamwa pake, ine ndili pompo, kuti laputopu ichotsedwe. A Goma anali mumsonkhanomo, ndipo ndiwo anatsekera ndi pemphero.

Masana omwewo bandulo inapezeka. Taonani zodabwitsa! Ndinaika chigamba, sichinatenge ngakhale nthawi yophika tiyi, makina sanaume. Mlendo wa m'kompyuta manje ali phee m'chipinda chake. Nditapita kukanena, a hedi anandithokoza kwambiri.

"Mwachita bwino, aphunzitsi. Manje popeza Madamu kulibe, muwaike a Goma akhale admini, azitithandiza."

Ndinati netiweki yavuta. Bodza la mphunzitsi wa kompyuta ndi lomweli, ndipo silikhalitsa.

Potuluka ndinapeza Madamu Nyirenda pageti, atanyamula mabuku awo m'chitenje. Sanali kulira. Anandipempha kuti ndikawaperekeze ku boma, ndikafotokoze za makina popeza ine ndiye ndimazidziwa. Ndinavomera msangamsanga, ndinati zimenezo n'zosavuta, uthenga wa chibowo ndili nawo pafoni.

Madamu anandiyang'ana n'kunena kuti:

"Za chibowo cha makina ndikudziwa mukanena, aphunzitsi, chifukwa makina alibe mlamu. Nanga za chinacho?"

Ndinabweza foni m'thumba. Amene amasaina za tchuthi changa ndi a hedi, ndipo nyumba yomwe ndimagonamo ndi ya sukulu. Akandifunsa kumeneko kuti laputopu inkagwiridwa ndi ndani masana, ndikangotchula dzina limodzi Madamu abwerera pantchito, ine n'kuyamba kumanga katundu wopita kusukulu yakutali ku Chifunda. Ndikangokamba za pulogalamu, ndituluka ndili katswiri, Madamu atsala okha.

Inu amene mwaseka a Goma kuyambira pamwamba paja, ndipo wanu mukumudziwa ndi dzina lomwe, mukanakhala ine mukanakanena chiyani?