Dimba Limene Linadyedwa ndi Galimoto

Ine ndi Dominiko tinakwatira nyumba imodzi kuno ku Msakambewa. Ine Elifala ndinatenga Marita, iye anatenga mng'ono wake Lusiya. Tonse ndife akamwini, tinamanga pamudzi pa akazi athu, ndipo nthaka iliyonse yomwe timagwirapo khasu ndi ya apongozi athu, aNabanda. Woyamba kufika ndine. Pamene Dominiko ankabwera kuchokera kwawo ku Ntchisi ndi kachikwama kamodzi ndi nsapato zobwereka, ine n'kuti nditamanga kale chigafa cha fodya, ndili ndi ngolo ndi ng'ombe zinayi.

Si munthu woipa ayi, n'chifukwa chake amanditopetsa. Amaseka ndi aliyense, moni wake ndi wogwada, ndipo mwayi umangomutsatira. Ulimi unamukana. Fodya wake ankapsa kumunda, wanga ali wobiriwira, mpaka anautaya n'kukakhala kondakitala wa minibasi za ku Lilongwe. Kumeneko anaphunzira chiwongolero, kenako anapeza ntchito yoyendetsa bwana wina wa bungwe lothandiza anthu ku Dzaleka. Anamuyendetsa zaka zambiri. Bwanayo pobwerera kwawo kunja, galimoto yakeyake anangomusiyira Dominiko, ati ndi kuthokoza.

Tsiku limene inalowa m'mudzi sindidzaliiwala. Chigalimoto chakuda, chachitali moti nkhalamba zimachita kukwezedwa, mipando yachikopa, mkati muli kafiriji. Amayi a m'mudzi analuluta. Marita wanga, amene ndinamugulira chitenje sabata yomweyo, anaima n'kumadziyang'anira pachitseko ngati pagalasi. Mtima unandiwawa, sindibisa. Zaka zonsezi wodwala ankapita kuchipatala pa ngolo yanga, bokosi la maliro linkanyamulidwa pa ngolo yanga, koma sindinamvepo nthungululu ndi imodzi yomwe.

Chinandipoza mtima n'chakuti galimotoyo imamwa, abale. Mapiri athu ano simuwadziwa? Ikangokwera chitunda chimodzi, singano ya mafuta imatsika ukuiona ndi maso. Ulendo wa ku Mponela kupita ndi kubwera unkadya mbuzi. Tayala limodzi litaphulika pamiyala ya msewu wa ku Ntchisi, nkhumba ya Lusiya inapita. Atapita nayo kwa makaniko kukasintha oyilo, soya wa chaka chonse anathera komweko. Ntchito ya ku Dzaleka inali itatha ndi bwana uja, ndiye Dominiko anayamba kuyenda pa njinga yakapalasa, galimoto n'kuiimika m'chigafa changa, poti chake chinagwa kalekale. Loweruka lililonse ankaitsuka, n'kuiliza pang'ono kuti batire isafe, anthu n'kubwera kudzamvera. Ena anamuuza kuti aigulitse agule kalole konyamula katundu. Iye ankangoseka, amvekere, “Mphatso sagulitsa.”

Komabe pamaliro mpando ankapatsa iye, ine n'kukhala pa njerwa.

Tsono panali dimba. Apongozi ali ndi dimba kudambo, madzi saphwa ngakhale mu Okutobala, tomato amabereka mpaka kuthyola mitengo. Miyendo itayamba kuwavuta, ananena kuti ukangotha ukwati wa Lidia, mwana wawo wotsiriza, dimbalo alipereka kunyumba imodzi, kwa Marita kapena kwa Lusiya. Ine ndinalibe nkhawa kwenikweni. Manyowa onse a m'dimba limenelo ndinatuta ndine, mpanda ndinamanga ndine. Ndinali nditayamba kale kuwerengera m'mutu pomwe ndidzadzale kabichi.

M'mawa wa tsiku la ukwati ndinali nditavala jekete, Dominiko anatulukira kuseri kwa khola. Suti ili bwinobwino, nkhope yokha ndiyo inali itagwa. Ananjuta pansi.

“Achimwene, zandivuta,” anatero. “Dizilo kulibe. Ku Dowa kwauma, ku Mponela mzere wafika kumsika. Wogulitsa wa m'zigubu wandipatsa kabotolo kokha. Sitingafike nako kutchalitchi.”

Tchalitchicho chili kwawo kwa mwamuna, kutsidya kwa zitunda, chakumalire a Ntchisi. Kunena zoona, mumtima ndinavina. Ndinati lero mudzi uona kuti mkamwini weniweni ndani.

“Palibe vuto,” ndinayankha. “Ndimanga ngolo, tiyala mphasa, mkwatibwi ndi amayi akwere.”

“Ayi achimwene, akuchimuna tinawauza kuti Lidia abwera pa galimoto. Akudikira galimoto. Ine ndimati ng'ombe zanuzo zingotikoka mpaka pachitunda chomaliza. Kabotoloka ndiyatsire pamenepo.”

Ndinafuna kukana. Koma Marita anali ataima pakhomo, manja m'chiuno, ndipo anangoti, “Bambo a ana, mukufuna mng'ono wanga akalowe m'tchalitchi diresi ikununkha ndowe?” Ndinavula jekete n'kuiika m'galimoto, ndinavala jombo, ndinatenga tcheni.

Chinthucho n'cholemera, musachione kuwala. Ng'ombe zinayi zinatuluka thovu. Pokwera ndinkakuwa mpaka mawu kusasa, potsika ndinkathamanga pambali poopa kuti chingagunde ng'ombe zanga kumbuyo. Dominiko anali pachiwongolero, chigongono pawindo. Kumbuyo kunali Lidia ndi velo yake, ndi apongozi atakhala mwaulemu ngati akupita ku Nyumba ya Malamulo. Nthawi ina ndinaterereka n'kugwa chagada m'fumbi, ndipo podzuka ndinaona apongozi akundiyang'ana pawindo. Manyazi anandigwira, koma ndinakondwanso. Ndinati aone, aone okha amene akuwanyamula.

Pachitunda chomaliza, kuseri kwa mitengo ya bulugama, ndinamasula tcheni. Dominiko anathira kabotolo kaja, injini inalira, ndipo anatsetsereka akuliza hutala. Nthungululu ndinazimvera patali. Pamene ndinkamaliza kumangirira ng'ombe ndi kuzipezera madzi, n'kuyenda wapansi mpaka kutchalitchi, anthu anali atalumbira kale. Jekete yanga inatsala m'galimoto yokhoma.

Kumadyerero woyendetsa mwambo anagwira chimkuzamawu. “Tiwaombere m'manja a Dominiko, mkamwini wotukula mudzi, amene atibweretsera mkwatibwi ngati mwana wa nduna!” Anthu anaimirira. Wachibale wina wakuchimuna anasangalala mpaka kupopa mafuta m'thirakitala yake kuti galimoto ibwerere. Ine mayi wina wogawa chakudya atandiona ndi jombo anandifunsa ngati ndine wobweretsa nkhuni. Chinandilimbitsa n'chimodzi chokha, chakuti akuchimuna sakudziwa, koma mwini dimba waona zonse.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sakambirana nkhani maso ndi maso, uthenga umadzera mwa mkazi. Patapita masiku, Marita anabwera kuchokera kwa amayi ake, anakhala pakhonde n'kuyamba kutola timiyala mu nyemba osandiyang'ana.

“Amayi akuti zikomo kwambiri,” anatero. “Akuti munagwira ntchito yaikulu, anaona okha.”

“Eya. Nanga za dimba?”

“Akuti tsiku lija anamva chisoni. Galimoto yabwino ngati ija kumakokedwa ndi ng'ombe, akuti ndi manyazi a mudzi wonse. Ndiye dimba apatsa Lusiya, kuti tomato azigula mafuta.”

Kenako ndinafunsa, “Nanga ife?”

“Akuti inu mulibe vuto. Ng'ombe zanu zimadya udzu, ndipo udzu sagula.”

Anapeta nyemba zija, anauzira mankhusu, kenako anawonjezera motsitsa mawu. “Akutinso poti a Dominiko alibe ngolo, Lolemba mukawatutire manyowa.”

Lolemba ndinamanga ng'ombe. Potuluka ndinadutsa pachigafa changa, ndinapeza Dominiko akupukuta galasi la galimoto ndi kansalu, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Anandigwadira moni monga mwa masiku onse, n'kundipempha kuti ngolo ndiidutsitse patali pang'ono, fumbi lingadetse galimoto.