Mlongo wanga ali pakhoma la ofesi, ku Zambia sanafike

Mlongo wanga Eneresi amayenera kukhala ku Zambia lero. Ali kumudzi ku Mlonyeni, akusankha fodya. Koma mukalowa mu ofesi ya bungwe lina pa boma pa Mchinji, mupeza chithunzi chake pakhoma. Pansi pake analemba kuti akutumikira ku Katete.

Eneresi anaphunzira unamwino. Zaka zitatu zatha, ntchito palibe. Bungweli limatumiza achinyamata kunja kukagwira ntchito yongodzipereka: kuyeza ana kusikelo, kuphunzitsa amayi za kadyedwe, kudzala mitengo m'masukulu. Malipiro palibe. Koma ukatha miyezi isanu ndi umodzi amakupatsa kalata, ndipo kalatayo ndi imene zipatala zimafuna zikafunsa kuti unagwirapo kuti. Anamusankha. Anamuuza kuti akafike ku Katete Lolemba, akalephera malo apita kwa wina.

Kutatsala milungu isanu anapereka pasipoti yake kwa woyang'anira ofesiyo, a Mbewe. Iwo anati amupezera chilolezo chogwirira ntchito ku Zambia. Tsiku lomwelo anamuveka tisheti ya bungwe n'kumujambula. Kujambulako kunatenga mphindi ziwiri. Ndiyo ntchito yokhayo imene ofesiyi inaigwira pa nthawi yake.

Lachinayi, kutatsala masiku anayi, tinapita limodzi kukatenga pasipoti. Tinafika 8:10 m'mawa. A Mbewe anafika 10:40, n'kutidutsa ngati ndife mabenchi. 12 koloko anapita kukadya. Anatiitana 2:25.

"Pasipoti ili bwinobwino m'dilowa," anatero. "Kungoti kiyi ali ndi mnzanga, wapita kumaliro ku Ludzi."

Ndinafunsa za chilolezo. Anaseka mpaka mpando unalira.

"Achimwene, ndinu a ku Mlonyeni kapena a ku Lilongwe? Ku Chipata amapita ndi pasipoti ndani? Amayi a tomato amawoloka tsiku lililonse ndi kapepala ka pa boda."

Ndinati amayi a tomato amabwerera madzulo. Miyezi isanu ndi umodzi ndi nkhani ina. A Mbewe anatembenukira kwa Eneresi.

"Iwe, ntchitoyi ukuifuna, kapena wabwera ndi loya?"

Eneresi anaweramitsa mutu. Panjira anandichonderera. "Achimwene, musawakwiyitse. Pa makalata onse ndinalemba aja, ndi okhawa anandiyankha."

Lachisanu kiyi anali akadali kumaliro. Maliro a masiku angati amenewa?

Lolemba 7:30 m'mawa tinali pa boda, titanyamula kapepala ka pa boda kaja ndi kalata ya bungwe yomutumiza ku Katete. Ofesala wa pa windo anawerenga zonse ziwiri. Anali munthu waulemu.

"Asisi, kapepala aka ndi ka ulendo wa masiku ochepa. Kalata yanu ikunena miyezi, ikunenanso ntchito. Ndikakulolani, akakumangani uko. Wakutumani ndani chonchi?"

Zimene a Mbewe sanazidziwe m'milungu isanu, bamboyu anazifotokoza m'mphindi zinayi.

7:52 ndinaimbira a Mbewe, ndikukweza mawu a foni kuti Eneresi amve yekha.

"Mwawaonetseranji kalatayo?" anakalipa. "Ana inu. Bwererani ku Kachebere. Akwere kabaza adutse m'minda. Akatulukira mbali inayo wafika. Aliyense amatero."

Ndinafunsa kuti akagwidwa zidzatha bwanji.

"Azikanena kuti anabwera kumaliro."

Mwamva? Namwino wopita kukayeza makanda a anthu alowe m'dziko la eni ngati thumba la feteleza wozembetsa. Akhale miyezi isanu ndi umodzi pachipatala, atavala tisheti yolembedwa dzina la bungwe, n'kumauza apolisi kuti akulira maliro. Awa ndiwo malangizo a ofesi yokhala ndi chidindo, mbendera ndi galimoto.

Chowawa n'chakuti Eneresi anavomera. Anali atanyamula kale chikwama, akuyang'ana kumene kumaima makabaza. Ndinamulanda chikwamacho. Tinalimbirana pamaso pa anthu osintha ndalama ndi madalaivala a matiraki. Iye akulira, ine ndikukoka. Ndinapambana chifukwa ndine wamkulu thupi.

Lachitatu uthenga unabwera kuchokera ku Katete. Malo anapita kwa wina.

Tsiku lomwelo, 9:15, ndinabwerera ku ofesi ndekha. A Mbewe anapisa m'thumba la buluku lawo, n'kutulutsa kiyi yemwe anali kumaliro uja. Anali pa mpukutu umodzi ndi kiyi wa galimoto yawo. Anatsegula dilowa. Pasipoti inalimo. M'kati mwake munali fomu yopemphera chilolezo, yopindidwa momwe Eneresi anaipindira. Sinatulukepo m'chipindamo.

Ndinawaonetsa fomuyo. Sanachite manyazi.

"Mtsikana uja alibe mtima wodzipereka," anatero. "Wodzipereka weniweni saopa minda."

Ndinati achotse chithunzi chake pakhoma.

"Lipoti linapita kale kwa otithandiza, dzina lake lili momwemo. Ndipo tikachichotsa pakhala mpata, alendo akubwera mawa."

Ndiye ndikufunsa akuluakulu a bungweli, ngati amawerenga. Fomu inakhaliranji m'dilowa milungu isanu? Ndani anakuuzani kuti kapepala kokagulira zitenje ku Chipata n'chilolezo cha ntchito? Achinyamata ena ali pakhoma paja, angati ali kunja opanda mapepala, ndipo angati ali m'midzi mwawo ngati Eneresi? Okuthandizani aja akudziwa kuti namwino wawo wa ku Katete akusankha fodya ku Mlonyeni?

Makolo a ku Mchinji, mwana wanu akasankhidwa kupita kunja, pasipoti isagone mu ofesi ya munthu. Funsani kuti muone chilolezo ndi maso anu, chodindidwa, tsiku lonyamuka lisanafike. Wina akatchula kabaza ndi minda, nyamulani mwana wanu muzipita.

Pasipoti ndinakamupatsa Eneresi m'chigafa cha fodya. Anailandira, n'kuiika pansi pambali pa masamba, n'kupitiriza kusankha. Chithunzi chija chikumwetulirabe pakhoma. Mwini wake sanandilankhulepo chiyambire Lolemba lija.