Mazira Amchere a Flossy

Inu amene mwafika poti simukuonanso kolowera, khalani pansi ndikuuzeni za Flossy, mayi wa kwa Lundu ku Chikwawa.

Chaka chimene namondwe Freddy anasesa chigwa cha Shire, madzi anatenga nyumba ya Flossy, nkhokwe, nkhuku, ndi mwamuna wake Lorenso, amene anabwerera kukamasula mbuzi koma sanaonekenso. Flossy anatsala ndi chitenje chimene anavala, ndi mwana wake wamkazi wamng'ono, Chikhulupiliro. Anakakhala kwa amayi ake, kumtunda pang'ono, kumene kunapulumuka abakha okha, poti bakha saopa madzi.

Mwambo wa maliro utatha, kunabwera mlamu wake Sebastiano, mkulu wake wa Lorenso, kuchokera ku Nsanje. Sanali munthu wankhanza. Anakhala pamphasa, nayang'ana mwanayo nthawi yaitali, miyendo yake itaonda ngati bango. Kenako anakumbutsa Flossy mofatsa kuti banja lawo linapereka malowolo, ndipo pamwambo wa Chisena mwana ndi wa kuchimuna.

"Alamu, mwana wa mng'ono wanga sangamagone ndi njala ine ndili moyo," anatero. "Mvula ikadzayamba ndidzabwera. Ndikadzapeza zinthu zili chonchi, ndidzamutenga."

Kuyambira tsiku limenelo mtima wa Flossy sunakhalenso m'malo. Mwamuna anapita ndi madzi, tsono mwana apite ndi abale? Ganyu kunalibe, chifukwa minda yonse inakwiririka ndi mchenga. Akadya phala ankalimva ngati akumeza miyala.

Mnzake wakale, Anita, anamuuza kuti ku Tete, m'dziko la Mozambique, kampani ina yokonza msewu ikufuna anthu otsuka mbale. Flossy anali asanadutsepo malire chibadwire. Anasiya mwana kwa agogo ake, nakwera galimoto akulira, osadziwa ngati akadzabwerako adzamupeza.

Ku Tete kunali kotentha ngati kwawo. Ntchito inali yotsuka mapoto ndi kusenda anyezi m'khitchini ya mayi wina wachikulire wa ku China, amene ankaphikira akuluakulu a kampaniyo. Mayiyo sankadziwa Chichewa, Flossy sankadziwa chilankhulo cha ku China ngakhale Chipwitikizi, choncho ankamvana ndi manja.

Tsiku lina masana mayiyo anamupeza Flossy atakhala kuseri kwa khitchini, misozi ili m'masaya, atangomva pafoni kuti mwana akudwala malungo. Sanamufunse kalikonse. Analowa m'nyumba, nabwerako ndi mbale ya tchipisi topyapyala ta mbatata, tokutidwa ndi zinthu zachikasu zooneka ngati mchenga wonyowa, namuikira pamiyendo.

Flossy anatola kamodzi chifukwa cha ulemu chabe. Kanalira khwa! pamano. Poyamba anamva mchere, kenako mafuta onona, kenako kukoma kwina kochindikala kofanana ndi nsinjiro koma kosakhala nsinjiro, kotsalira palilime ngakhale utameza. Anatola kachiwiri, kachitatu. Anazindikira mbale itayera, iye akunyambita zala ngati mwana, ndipo mayi uja akuseka mpaka kugwira m'chiuno. Aka kanali koyamba kuti Flossy amve kukoma kwa chakudya chichokereni Lorenso.

Analoza mbaleyo, nafunsa ndi manja kuti zachikasuzo n'chiyani. Mayiyo anamukoka dzanja kupita naye pakona, navundukula ndowa. Munali mazira a abakha, omizidwa m'madzi amchere. Flossy anatsegula pakamwa. Kwawo mazira a abakha ankangowola m'zisa chifukwa cha kutentha, ndipo pamsika anthu ankawanyoza kuti amanunkha thope.

Kuchokera pamenepo maso ake sanachoke pamanja a mayiyo. Anaona mmene amasungunulira mchere, mmene amaswera dzira likakhwima n'kuchotsa chikasu chake chitalimba ngati mpira waung'ono, mmene amachiphikira ndi nthunzi, kuchinyenya, kuchikazinga m'mafuta mpaka chichite thovu, kenako kuthiramo tchipisi n'kutakasa.

Msewu utatha, ntchito inathanso. Flossy anabwerera kwa Lundu nthawi ya chilimwe ndi katundu wochepa kwambiri. Anapeza mwana atachira koma akadali woonda, ndipo abakha a amayi ake ataswana mpaka kudzaza bwalo. Ndalama imene anabwera nayo anagulira mchere, mafuta ophikira ndi ndowa.

Amayi ake anadandaula. Anati munthu wanzeru akanagula ufa, osati kumiza mazira m'madzi ngati wamisala. Mumtima Flossy nayenso ankaopa kuti mwina amayiwo akunena zoona.

Anadikira pafupifupi mwezi. Tsiku lovundukula ndowa, fungo linathamangitsa ngakhale agalu. Mchere unachepa, ndipo mazira anayandama pamwamba, nawola onse. Amayi a pamudzi anaseka mpaka nkhaniyo inafika kumjigo, kuti Flossy wabwera ndi mankhwala a ku Mozambique ndipo amukanika.

Anakataya mazirawo kudzala, nakhala pansi pa mtengo wa msawu. Dzuwa linali litayamba kale kuwotcha kwa nthawi yoyandikira dzinja. Akayesanso, ndiye kuti mwezi wina wapita, ndipo mvula ikhala ili pakhomo. Akalephera kachiwiri, sipadzakhala kachitatu.

Anatseka maso, nayesa kukumbukira khitchini ya ku Tete. Anakumbukira kuti mayi uja ankathira mchere mpaka wina kukana kusungunuka, kutsalira pansi. Anakumbukiranso mbale yokhala ndi mwala pamwamba, yokanikiza mazira kuti asatulukire kunja kwa madzi. Iye zonsezi anazidumpha chifukwa cha phuma ndiponso pofuna kusunga mchere.

Anatsuka ndowa, nayambanso.

Mwezi umenewo unali wautali kuposa chaka. M'mawa uliwonse ankanunkhiza pachivundikiro. Madzulo ankayang'ana kumapiri a ku Thyolo kumene mitambo inayamba kusonkhana. Njinga iliyonse yolowa m'mudzi ankaiona ngati ya Sebastiano. Chikhulupiliro akamufunsa chimene chili m'ndowa, ankangomukumbatira.

Tsiku litakwana anatenga dzira limodzi, naliswa pa mbale. Chikasu chinagubuduka chathunthu, cholimba, chofiirira ngati papaya wakupsa. Flossy anagwada pomwepo. Mbatata inali yodula, choncho anadula chinangwa mopyapyala, nachikazinga, nachitakasa m'chikasu chochita thovu. Amayi ake analawa kamodzi, kenako anatambasula dzanja kufuna kena.

Koma kukoma kwa pakhomo si malonda. M'mawa mwake anasenza beseni kupita ku Nchalo, nakakhala m'mbali mwa msewu umene odula nzimbe amadutsa poweruka. Anthu ankaima, kusuzumira, kufunsa. Akamva kuti ndi mazira a abakha amene akhala mwezi m'ndowa, ankakwinya nkhope n'kumapita. Dzuwa linapendeka asanagulitse ngakhale kapepala kamodzi. Tsiku lachiwiri zinali chimodzimodzi. Anamvanso kuti nyengo yodula nzimbe yatsala pang'ono kutha, ndipo anthuwo abalalika kupita m'makwawo.

Tsiku lachitatu panaima bambo wina wamtali, malaya ali bii ndi mwaye wa nzimbe zowotcha, chikwanje chili m'khwapa. Dzina lake anali Yasini, wa ku Mangochi. Anafunsa ngati mulibe mafuta a nkhumba. Flossy anamutsimikizira kuti muli chinangwa, dzira, mchere ndi mafuta a m'botolo basi, ndipo anamupempha kuti alawe kwaulere.

Yasini anatafuna pang'onopang'ono, maso ali pansi. Munthu amene watuluka thukuta tsiku lonse m'munda wa nzimbe, thupi lake limalira mchere, ndipo Yasini anaumva mcherewo ukutsika mpaka m'mafupa.

"Mayi, mawa mubwerenso," anatero, akutembenuka kuitana anzake. "Ndipo mubwere ndi beseni lalikulu."

Beseni linatha dzuwa lisanalowe. Mawa lake linathanso. Flossy anagula ndowa zina, nayamba kumiza mazira sabata iliyonse kuti asadzasowe. Pakhomo panayamba kununkhira ndiwo. Masaya a Chikhulupiliro anayamba kubwerera.

Mvula yoyamba inagwa, ndipo Sebastiano anasunga mawu ake. Flossy atamuona akutsika panjinga, anayang'ana zimene anali nazo. Anali alibe nyumba yakeyake, anali ndi ndowa ndi abakha chabe. Kodi zimenezi zikwanira?

Sebastiano anapereka moni, naitana mwanayo. Anamunyamula ngati akumuyeza kulemera, namuyang'ana m'maso ndi m'manja. Anazungulira kukhola la abakha, nafunsa za ndowa zondandalikazo, Flossy akufotokoza. Atakhala pansi, Flossy anamupatsa tchipisi m'mbale. Sebastiano anadya tonse, napukuta zala pa thalauzi.

"Pyadidi," anatero m'Chisena, kutanthauza kuti zili bwino. "Alamu, mwana akhale ndi mayi ake. Ine ndinkaopa njala, osati inu."

Flossy anawomba m'manja atagwada pothokoza, misozi ikugwera pafumbi lonyowa ndi mvula.

Lero mukadutsa pa Dyeratu kapena pa boma la Chikwawa, mupeza tchipisi ta Flossy m'timapepala tomata bwino, ndipo okwera minibasi za ku Blantyre amagula kudzera pawindo kuti akalawitse a kutauni. Anamanga nyumba ya njerwa zowotcha pamalo okwera. Amayi ena amene ankamuseka kumjigo, lero amaweta abakha n'kumamugulitsa mazira. Chikhulupiliro ali pasukulu, ndipo patchuthi amapita kukacheza ku Nsanje kwa abambo ake aakulu, n'kubwerako.

Inu amene mukuwerenga, mwina ndowa yanu yoyamba yawola, anthu akuseka, ndipo nthawi ikukutherani. Mantha amenewo si chizindikiro choti mwalephera. Flossy anachita zonsezi ali ndi mantha, koma anachitabe. Khalani pansi, kumbukirani pamene munadumpha, tsukani ndowa, muyambenso. Mtima wokhawo musautaye.